Chingwe cha Kalulu: Za Akathyali m'Nthano ndi m'Nkhani Zathu

Pali nkhani imodzi imene imabwera kawirikawiri pa misonkhano ya gulu lathu la alembi, ngakhale kuti oilemba amakhala osiyana ndipo mitu yake imasinthasintha. Imayenda motere. Mlimi wa fodya wa ku Mpherembe kapena ku Rumphi wagulitsa mabelo ake ku okushoni ya ku Mzuzu, ndipo watapa ndalama zake ku banki. Pa depoti akumana ndi mnyamata wotchena, wa pakamwa potsekemera. Pa tsamba lachiwiri mnyamatayo alonjeza kuti amuchulukitsira ndalamazo. Pa tsamba lachitatu mlimi watsala ndi envulopu yodzaza ndi mapepala a nyuzi odulidwa mofanana. Pa tsamba lomaliza akulira pansi pa mtengo, ndipo nkhalamba ina imene sitinaione chiyambire nkhani itulukira kudzamuuza kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ena mwa ife, pofuna kuyenda ndi nthawi, amachotsa mlimiyo naikapo mtsikana wa chaka choyamba pa Mzuzu University amene akuchita lendi ku Lupaso, ndalama za fizi zili m'foni. Koma mathero ndi omwe aja, ndipo nkhalamba ija simalephera kufika.

Dandaulo langa pa nkhani za mtundu umenewu si la kalembedwe koipa, pakuti zina mwa izo Chichewa chake n'chokoma ndithu. Dandaulo langa ndi lakuti pamene pali nkhani yeniyeni mlembi amalumphapo. Tikafika pa mphindi imene munthu wanzeru zake, amene walima, wathyola, wasoka ndi kudinda fodya chaka chathunthu, akupereka yekha thukuta lake m'manja mwa mlendo, timangopeza chiganizo chimodzi: anamunyengerera mpaka anavomera. Anamunyengerera bwanji? Anayamba ndi mau oti chiyani? Ndani wina anali pomwepo? Chiganizo chimenechi chili ngati nsalu yophimba maliro. Chimene timafuna kuona chili pansi pake. Ndipo popeza mlembi sanationetse m'mene chinyengo chinayendera, amakakamizika kupeza chifukwa china chofotokozera kugwa kwa mpangankhani wake, ndiye chifukwa chapafupi ndi dyera ndi kupusa. Motero wowerenga amatseka tsamba ali wokondwa kuti iye sali ngati mlimi uja.

Chodabwitsa n'chakuti agogo athu, amene sanalowe m'kalasi ya zolembalemba, sankalumpha malo amenewa. Nthano za Kalulu, zimene kuno kumpoto timazimva m'vidokoni, ndi maphunziro a m'mene chinyengo chimamangidwira, njerwa ndi njerwa. Tiyeni titenge ija ya Njovu ndi Mvuu. Kalulu apita kwa Njovu namuuza kuti akhoza kumugonjetsa pa mpikisano wokokana chingwe. Njovu aseka, koma avomera. Kalulu atsikira kumtsinje nauza Mvuu mau omwewo. Kenaka apatsa Njovu nsonga imodzi ya chingwe, Mvuu nsonga inayo, iye nakabisala pa tchire la pakati, pamene akuluakulu awiriwa sangathe kuonana. Agwedeza chingwe, ndipo awiriwo akokana mpaka dzuwa kupendeka, aliyense akudabwa kuti kanyama kochepa chonchija kazitenga kuti mphamvu zotere.

Taonani zimene nthanoyi ikusamala kutiuza. Njovu sali wopusa. Mphamvu imene akuimva pa chingwe ndi yeniyeni, sakulota ayi. Akanafunsidwa umboni akanaonetsa mapazi ake atakumba nthaka. Chimene sakudziwa n'chimodzi chokha, ndicho kuti ku nsonga inayo kuli ndani. Kalulu sanabweretse mphamvu ngakhale pang'ono. Wabweretsa chingwe ndi tchire basi. Ine sindidziwa buku la zachuma limene linafotokoza bwino koposa apa za magulu aja olonjeza kuti ndalama zako zibereka pa mwezi.

Mu 1920, mumzinda wa Boston ku America, Charles Ponzi ankalonjeza anthu phindu la 50 pa 100 iliyonse m'masiku 45. Oyamba analandiradi, ndipo anathamanga kukauza abale awo. Ndalama zimene ankalandirazo zinali za anzawo olowa pambuyo. Sergei Mavrodi anachita zomwezo ku Russia ndi gulu lake la MMM, limene linagwa mu 1994, ndipo patapita zaka zoposa makumi awiri dzina lomwelo linadzatulukira ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Nigeria, likulonjeza 30 pa 100 iliyonse pa mwezi, mpaka zinthu zinasokonekera mu 2016. Awiri oyambawo ndi maiko amene abale athu ambiri amagwirako ntchito. Chimene chiyenera kumukopa mlembi pa MMM yachiwiriyi ndi kapangidwe kake: anthu sankatumiza ndalama ku ofesi ya kampani, koma ankatumizirana okhaokha. Kompyuta inkangouza wina kuti athandize uje, nambala yake ndi iyi, ndipo iyenso tsiku lake likafika wina wosamudziwa ankamutumizira. Njovu ku nsonga iyi, Mvuu ku nsonga iyo. Munthu amene anaona ndalama zitalowa m'foni mwake sankanama pouza mlamu wake kuti zinthuzi n'zoona.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndikudabwa kuti palibe mwa ife anayesapo kuwaika m'kamwa mwa mpangankhani, kaya mphunzitsi wopuma ntchito amene anthu akumuseka kuti ndi wansanje. K10,000 ikamabereka 30 pa 100 mwezi ndi mwezi, pakutha pa chaka imakhala pafupifupi K233,000, ndipo pakutha pa zaka zitatu imapitirira K126 miliyoni. Ndi munda uti, ndi golosale iti imene imabereka chonchi? Kapena titenge magulu aja amene amati aliyense abweretse anzake 5. Oyamba 5 abweretsa 25, iwo abweretsa 125, kenaka 625, ndipo pofika pa mzere wachisanu ndi chitatu pakufunika anthu atsopano 390,625, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti mzinda wonse wa Mzuzu, kuwerengera ndi makanda omwe, unali ndi anthu 221,272. Chingwe chimaduka osati chifukwa cha tsoka kapena chifukwa boma lalowererapo, monga eni ake amanenera, koma chifukwa anthu okoka atha.

Nanga n'chifukwa chiyani amayi ochenjera pa malonda, amene sungawabere ngakhale K50 pa mulu wa tomato ku Vigwagwa, amalowa m'zoterezi? Apa ndi pamene nkhani yabwino ikanakhazikika. Chinyengochi chimabwera chitavala zovala za chinthu chimene amayiwo amachidziwa ndi kuchikhulupirira, ndicho chipereganyu ndi banki m'khonde. Kumenekonso munthu amapereka lero nadzalandira mawa, ndipo zimathekadi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa banki m'khonde onse amakhala pa mphasa imodzi moyang'anana, bokosi lili pakati, ndipo chiwongoladzanja aliyense amadziwa kuti chachokera kwa mai uje amene anakongola kuti akaode usipa ku Nkhata Bay. Nsonga zonse za chingwe zikuoneka. Kathyali amasunga mau onse a pa mphasa paja, kuthandizana, umodzi, kutukulana, nangowonjezerapo tchire pakati. Ndipo amene amabwera kudzakuitana si mnyamata wotchena wa pa depoti, koma mnzako wa ku kwaya, amene iyenso akukhulupirira ndi mtima wonse. Mlembi amene angatilembere tsiku limene amayi awiriwa akumana pa mjigo gulu litagwa, wina atadya za mnzake osadziwa, adzakhala atalemba nkhani. Nkhalamba ya miyambi ija sidzafunika.

Nthano ina imene tiyenera kuiwerenganso ndi ya mpikisano wothamanga, pamene Kamba, kapena kuti Fulu, anapambana nyama yaliwiro (ena amati Kalulu yemweyo, ena amati Gwape). M'mabuku a Azungu kamba amapambana chifukwa mnzake anagona panjira, ndipo phunziro lake ndi la khama. Kwathu kuno si choncho. Kamba wathu anaika abale ake m'mbali mwa njira yonse, ndipo wothamangayo akafuula kufunsa kuti uli pati, mbale wa kutsogolo ankayankha. Mpikisano unatha usanayambe. Wothamangayo ankaganiza kuti akupikisana ndi munthu mmodzi, chikhalirecho akupikisana ndi mudzi wathunthu.

Umu ndi m'mene njuga ya makhadi atatu imayendera, ija imaseweredwa pa katoni m'madepoti ndi m'misika ikuluikulu, pena ndi zitsekerero za mabotolo ndi kanjere. Alembi athu akamaifotokoza amaika mtima pa manja a wogawa makhadi, ndipo n'zoona kuti pali luso: amagwira makhadi awiri dzanja limodzi, ndipo pamene diso likuyembekeza kuti aponya lapansi, iye amaponya lapamwamba. Koma manjawo ndi gawo laling'ono. Mai wa chitenje amene wangopambana kumene ndipo akululutira ndi wawo. Bambo wa jekete amene waluza mopusa, posankha khadi limene aliyense waona kuti si limenelo, ndi wawonso, ndipo ntchito yake ndi yoti iwe uganize kuti ukuona bwino kuposa iye. Mnyamata amene akukunong'oneza kuti wapinda kakona ka khadi lopambana wogawayo atayang'ana kumbali ndi wawo. Kakona kaja kadzawongoledwa ndipo lina lidzapindidwa uli chiyang'anire. Wina waima patali, ndipo ukangoyamba kukangana adzafuula kuti apolisi, katoni n'kugwa, gulu lonse n'kumwazikana. Pa anthu khumi ozungulira katoni, mwina mlendo ndiwe wekha. Limeneli ndi sewero lokhala ndi atengambali ake, lokonzedwa ndi kuyesereredwa, loonetsedwa kwa munthu mmodzi amene sakudziwa kuti walipira pakhomo. Ndiponso taonani kuti sakukuitana kuti uyese mwayi. Akukuitana kuti uwabere iwo, pogwiritsa ntchito kakona kopindidwa kaja. Ukadzazindikira, ukakanena chiyani ku polisi?

Katswiri wa zilankhulo wa ku America, David Maurer, anacheza ndi akathyali kwa zaka zambiri nalemba buku lotchedwa The Big Con mu 1940. Anaonetsa kuti akuluakulu a ntchitoyi ankafika pochita lendi nyumba n'kuisandutsa ofesi yabodza ya kubetcha pa mahatchi, yodzaza ndi makalaliki ndi obetcha abodza, zonsezo chifukwa cha munthu mmodzi. Masiku ano nyumba yotere sifunika lendi. Gulu la pa WhatsApp la anthu makumi asanu othokoza ndi kutumiza zithunzi za ndalama zimene alandira likhoza kukhala anyamata awiri ndi mafoni anai. Abale a Kamba achuluka.

Pa za kubetcha pa mpira ndiyenera kusiyanitsa zinthu, chifukwa nkhani zingapo za anzathu zimaphatikiza zonse m'thumba limodzi. Makampani obetchetsa amene ali ndi chiphaso sabisa kuti masamu ali kumbali yawo. Masewera aja a kandege otchedwa Aviator, amene anyamata ambiri a m'mahositelo amawadziwa kuposa mabuku awo, eni ake amanena poyera kuti pa K100 iliyonse yobetchedwa K97 ndi imene imabwerera kwa osewera onse pamodzi. K3 yotsalayo imaoneka yochepa, koma imadulidwa pa ulendo uliwonse, ndipo munthu amabetcha maulendo mazana usiku umodzi. Kumeneko ndi kutha pang'onopang'ono ngati sopo, ndipo ndi nkhani ina yofuna mlembi wake. Chinyengo chenicheni chimamera m'mbali mwake, mwa anthu ogulitsa zotsatira za masewera amene amati anakonzedwa kale. Njira yake ndi iyi. Kathyali atenga manambala a foni 1,600. Theka awauza kuti pa masewera a Loweruka zigoli zikwana zitatu, theka linalo awauza kuti sizikwana. Zivute zitani, anthu 800 aona kuti walosera zoona. Amenewo awagawanso pawiri sabata yotsatira, natsala 400, kenaka 200, kenaka 100. Anthu 100 amenewa aona ndi maso awo maulosi anai otsatizana onse olondola, aulere. Tsopano auzidwa kuti lachisanu, lalikulu, n'lolipira. Kodi munthu amene walipira apa ndi chitsiru? Wachita zimene sukulu inamuphunzitsa: wayesa kanai, waona umboni. Anthu 1,500 amene analandira maulosi olakwa ali kuseri kwa tchire.

Funso tsopano ndi lakuti, ngati nthano zathu zili ndi nzeru zonsezi, ife tinazitaya pati? Ndikuganiza kuti mbali ina tinazitaya pa khomo la tchalitchi ndi la sukulu, pamene mabuku athu oyamba anabadwira. Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara limene linatuluka mu 1933, ndi buku lalikulu ndipo sindikulinyoza. Koma msana wake ndi ulendo wa munthu wakuba ndi wosamvera amene avutika, nabwerera kwawo, natembenuka mtima. Chimene bukulo likufuna ndi moyo wa wochimwayo, osati kayendedwe ka tchimolo. Mabuku ambiri amene anatsatira, makamaka olembedwera ana a sukulu, anatenga msana womwewo, kulakwa, chilango, kulapa, mpaka tinazolowera kuti nkhani ndi khoti ndipo mlembi ndi woweruza. Tsono pa nkhani ya kathyali woweruzayu amapeza kuti wolakwa weniweni wathawa pa tsamba lachitatu, ndiye chigamulo chimagwera amene watsala m'khoti, wobedwayo.

Wole Soyinka anasankha njira ina mu sewero lake la The Trials of Brother Jero, limene linaonetsedwa koyamba ku Ibadan mu 1960. Jero ndi mneneri wabodza wa m'mphepete mwa nyanja ku Lagos, ndipo Soyinka amamulola kulankhula nafe mwachindunji, kutiululira za ntchito yake monga mmisiri aonetsera zipangizo zake. Tiphunzira kuti anthu ake amawaona ngati ogula pa sitolo, ndi kuti chinsinsi chake n'kuwasunga ali osakhutira, pakuti munthu akapeza chimene amafuna sabweranso. Tiphunzira kuti amasankha maulosi amene sangamugwiritse bodza, monga kuuza munthu kuti adzafika zaka 80, podziwa kuti akafa msanga sadzabwera kudzadandaula. Chume, womutsatira wake, ndi mesenjala wa mu ofesi amene akungofuna kukwezedwa pa ntchito ndi mtendere panyumba, zinthu zimene tonsefe timazifuna. Ndipo pomaliza Jero salangidwa. Chume, amene wazindikira zoona, ndi amene akukonzeredwa malo ku chipatala cha amisala, pamene mneneri wakola nyama yonona, phungu wa nyumba ya malamulo wolakalaka unduna. Ena pa gulu lathu anati mathero amenewa alibe phunziro. Ine ndimati woonera amatuluka akudziwa m'mene msampha umatcheredwera, ndipo ali ndi mantha pang'ono. Ngati pali pamene ndimakangana ndi Soyinka ndi pa Chume, amene nthawi zina amamusandutsa choseketsa mopitirira, kotero kuti kuseka kwathu kumagwirizana ndi kwa Jero.

Kuseka kumeneku ndiko kumandidetsa nkhawa koposa. Tikumbuke nthano ya chitsime. Kunagwa chilala, nyama zonse zinakumba chitsime, Kalulu anakana, ndipo anamuletsa kumwa naika mlonda. Kalulu anabwera ndi chikho cha uchi, nalawitsa mlondayo pang'ono, namuuza kuti wofuna kudya wambiri ayenera kuyamba wamangidwa. Kulawitsako ndiko kaphindu koyamba kamene gulu lililonse lachinyengo limakupatsa kuti ubwerere ndi ndalama za fizi. Koma chimene ndikufuna tione ndi cha m'mawa mwake. Nyama zimapeza mlonda ali chimangidwire, zimamuseka, ndipo imene yaseka kwambiri ndi imene imadzipereka kuti ilondere usiku wotsatira, ikunena kuti ine sangandichite zimenezo. Nayonso imapezeka itamangidwa. Nthanoyi imabwereza zimenezi kangapo, ndipo kubwerezako si kotalikitsa nkhani chabe. Kalulu akudya kuseka kwa nyamazo. Wogwira Kalulu pomaliza ndi Kamba, amene aliyense ankamuderera ndipo iye sankadziyesa wochenjera.

Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Erving Goffman analemba mu 1952 za ntchito yomaliza ya gulu la akathyali, imene tingaitche kuziziritsa wobedwa. Ndalama zikatengedwa, mmodzi wa gululo amatsalira ngati mnzake wa wobedwayo, kumutonthoza ndi kumuthandiza kuvomereza kuti zachitika zachitika, kuti asapite ku polisi kapena kuchita phokoso loononga msika. Chida chake chachikulu ndi manyazi: ukanena, anthu adzati chiyani? Mphunzitsi wathunthu, mkulu wa mpingo, wophunzira wa pa yunivesite, kupusitsidwa chonchi? Tsono ndikamawerenga nkhani zathu zija, ndi nkhalamba yake yobwera ndi mwambi, ndimaona kuti ntchito yoziziritsayi taitenga ndife, ndipo tikuigwira mwaulere. Wowerenga amene sanaberedwepo timamuuza kuti iye ndi wotetezeka popeza alibe dyera. Amene anaberedwapo timamuuza kuti akhale chete.

Komanso si zoona kuti chinyengo chonse chimadalira dyera. Kuchokera pamene Airtel Money ndi TNM Mpamba zinafika, m'zaka za 2012 ndi 2013, kuba kwambiri kwasamukira m'foni, ndipo ngakhale kalembera wa manambala wa 2018 sanakuthetse. Apolisi akhala akunena kuti mafoni ena otere amaimbidwa ndi akaidi ali m'ndende ya Zomba. Mvetserani zimene amanena. Mwana wanu wakomoka kuno kusukulu, tili naye kuchipatala, tumizani ya mankhwala msanga. Katundu amene mbale wanu watumiza kuchokera ku Joni wagwidwa pa chipata cha Mwanza. Dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo, koma pakufunika ya fomu. Ndatumiza ndalama molakwitsa pa nambala yanu, chonde ndibwezereni, ndi ya maliro. Ndi dyera lanji lili mwa mai amene akuthamangira kwa ejenti chifukwa wamva kuti mwana wake wakomoka? Womalizayo akubedwa chifukwa cha chilungamo chake chenicheni. Chimene mauthenga onsewa ali nacho ndi changu. Onse amati tsopano lino, musadule foni, musauze munthu. Kathyali amadziwa kuti mdani wake ndi mphindi khumi zoti munthu afunse mnzake. Chimodzimodzi wophunzira watsopano amene ali ku Nsanje kapena ku Chitipa, sukulu ikutsegulidwa Lolemba, ndipo wina pa foni akuti chipinda chatsala chimodzi ku Lupaso pafupi ndi msewu, atumiziretu ya miyezi itatu. Ameneyu akungofuna pogona.

Pali chifukwa china chimene timamukondera Kalulu, ndipo ndi cholemekezeka. M'nthano iye ndi wamng'ono pakati pa Njovu, Mkango ndi Fisi, ndipo nzeru ndiye mkondo wa wopanda mphamvu. M'zaka za ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene bungwe loona zofalitsa linkawerenga tsamba lililonse ndipo Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, kulankhula mokuluwika ngati Kalulu inali njira yopulumukira, ndipo magazini ya zofufuza nthano imene inkatuluka ku Chancellor College m'zaka za m'ma 1970 inkatchedwa dzina lomwelo la Kalulu. Koma Kalulu wa pa foni sakumanga Mkango. Akumanga mai wamasiye, mlonda wa pa geti, mwana wa sukulu. Mlembi amene abwereka kuseka kwa m'nthano osayang'ana kuti wamangidwayo ndani wasokoneza mbali. Izi sizitanthauza kuti kathyali tizimujambula ngati chilombo cha nyanga. Adaobi Tricia Nwaubani wa ku Nigeria, m'buku lake la 2009 lotchedwa I Do Not Come to You by Chance, anatipatsa Kingsley, mnyamata wa digiri ya uinjiniya wosowa ntchito, bambo ake akudwala, amene alowa ntchito yolemba makalata achinyengo kwa malume ake olemera. Timamumvetsa, pena timamukonda, koma tikuona chimene akusanduka. Tinene mosabisa kuti mnyamata wotere akhoza kukhala pa benchi limodzi ndi ife, ndipo luso limene akugulitsa ndi lomwe timaphunzira pa gulu lino, lopanga munthu kukhulupirira zimene sizinachitike.

Pa luso limenelo, tiyeni tiwerenge monga alembi uthenga uja umene pafupifupi aliyense wa foni m'dziko muno anaulandirapo, wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, foni yanga yavuta. Mulibe moni, mulibe dzina, mulibe kuchuluka kwa ndalama, ndipo kusowa kwa zimenezi ndiko mphamvu yake, pakuti munthu wodziwana naye salonjera ngati mlendo. Katundu yense wasenzedwa ndi kamau kamodzi, ija. Akanati ndalama iyi kapena ndalama ina, tikanafunsa kuti iti. Koma ija m'Chichewa ndi mau a anthu awiri amene anakambirana kale. Amaloza chinthu chimene tonse tikuchidziwa ndipo sitifunika kuchitchula. Wolembayo sakudziwa kanthu za iwe. Akungotumiza kwa anthu mazanamazana, podziwa kuti tsiku lililonse pali wina amene walonjeza landilodi, wina amene akuyenera kutumiza ya chimanga kumudzi, wina amene mlongo wake anamuimbira dzulo. Wolandirayo ndi amene amadzaza yekha dzina, nkhope ndi chifukwa, ndipo kachiganizo kachiwiri kaja, ka foni yovuta, kamayankha funso lokhalo limene likanamuimitsa asanalifunse n'komwe. Nkhani zathu za masamba asanu ndi limodzi, ndi mnyamata wake wa suti ndi magalasi akuda, sizinafikepo pa kamau ka zilembo zitatu kameneka.